Masamu a pa benchi la mmisiri ku Ndirande

Mumsika wa Ndirande, chakumene amakonza mawailesi ndi mafoni, kunafika mayi wina atanyamula jumbo. Moni sanapereke. Anangokhuthulira pa benchi la mmisiri ekisitenishoni yakuda bii, pulasitiki yake itasungunuka, pambuyo pake n'kutulutsanso ketulo.

"Achimwene, munandigulitsa chinthu chabodza. Mwezi sunathe n'komwe!"

Mmisiriyo, bambo wachikulire wovala magalasi omanga ndi ulusi, anawakankhira mpando. "Pepani mayi, khalani kaye pansi. Munalumikizapo chiyani?"

"Ketulo, hotipuleti ndi simbi. Kunali m'mawa, ana akuchedwa kusukulu."

Bamboyo anamasula pulagi. Pamalo pa fyuzi panali kawaya kopotapota.

"Nanga fyuzi ili kuti?"

"Inkangopsa. Mwana wanga wamkulu ndiye anaikamo kameneko, kungoyambira pamenepo sinavutenso."

Ife amene tinkadikira mafoni athu tinasendera pafupi. Mmisiri uja anang'amba chikatoni, n'kuitana mnyamata amene amaphunzira naye ntchito. "Iwe, tembenuza ketuloyo. Palembedwa chiyani pansipo?"

"Mawati 2000."

"Hotipuleti yanu ndi ya mbale ziwiri, mayi? Tiike 2500. Simbi tiike 1200. Phatikiza."

"5700."

"Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavolti 230. Ukagawa mawati ndi mavolti umapeza maampu, ndiwo magetsi amene akudutsa m'wayamo. Gawa."

Mnyamatayo anadinadina foni. "Akutsala pang'ono kukwana 25."

"Mwamva mayi? Fyuzi yaikulu ya pulagi ya mano atatu ndi ya maampu 13. Mukachulukitsa 13 ndi 230 mupeza mawati 2990, malire ake ndi amenewo. Inu munaisenzetsa pafupifupi kawiri. Fyuzi ija ikamapsa inkagwira ntchito yake, inkadula magetsi waya asanayake."

Mayiwo anakhala chete, koma sanagonje. "Bwanji nanga ketulo sinapse, n'kupsa chingwe?"

Funsoli linamusangalatsa mmisiriyo, ndipo ineyo ndinaona kuti ndi pamene panagona nkhani. Anatenga mita yake yachikasu, n'kugunditsa timano take pa mano awiri a pulagi ya ketulo, switchi ili yoyatsa. Inaonetsa 26. Anafotokoza kuti chinthu chilichonse chimakaniza magetsi kudutsa, china kwambiri china pang'ono, ndipo kukanizako amakuyeza m'maohm. Anauza mnyamata uja agawe 2000 ndi 230, anapeza maampu 8.7. Kenako 230 kugawa ndi 8.7, kunatuluka 26 ndi kanthu.

"Mita ndi masamu zagwirizana. Ketulo yanu ili bwinobwino, ndipo inapangidwira kutentha. Chingwe ayi."

Analembanso pa chikatoni chija. Chingwe chowonda chotalika mamita 10, anatero, chimatha kukhala ndi theka la ohm. Kutentha kwa m'chingwe amakupeza pochulukitsa maampu ndi maampu omwewo, kenako n'kuchulukitsa ndi maohm. Pa maampu 5, ndiye kuti 25 kuchulukitsa ndi theka, mawati 12 ndi theka, ongofunditsa chingwe pang'ono. Pa maampu 25 ndi 625 kuchulukitsa ndi theka, mawati opitirira 300, onsewo akutenthera m'kati mwa pulasitiki, mwina chingwecho chili chokulunga kuseri kwa sofa. Maampu akwera kasanu kokha, kutentha kwakwera ka 25.

Bambo wina wa kabaza amene anaima kumbuyo kwanga anaimba mluzu. "Kwathu pamalo pa fyuzi takhala tikuika pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya."

"Mukalichotse lero lomwe, achimwene," anatero mmisiriyo osaseka.

Lamulo logawa mavolti ndi maampu kuti upeze maohm analisindikiza Georg Ohm, mphunzitsi wa masamu wa ku Germany, mu 1827. Ana athu amaliphunzira ku sekondale, n'kulilembera mayeso, n'kulisiya komweko. Zimandiwawa kuti masamu a kugawa kamodzi kokha, amene aliyense wokhala ndi foni angawachite, sakufika m'makhitchini momwe soketi ndi imodzi koma zolumikiza zili zinayi. M'nyumba zambiri za lendi muno m'tauni ekisitenishoni ndiyo imanyamula banja lonse, ndipo ana amagona pafupi nayo. Ogulitsa nawonso ali ndi mbali yawo, pakuti zingwe zina zotchipa zimakhala zonenepa kunja, ukazidula n'kupeza timawaya tochepa m'kati.

Mayi aja analoza chomwecho. "Koma nanunso chingwe chanuchi n'chowonda."

Mmisiriyo sanakane. Anati n'cha wailesi, TV ndi kutchajira mafoni, ndipo anayenera kuwafunsa tsiku logula lija kuti akukachitira chiyani. Anatulutsa china chonenepa, nati awachotserapo mtengo wa choyamba chija. Koma anawachenjeza kuti ngakhale chimenechi malire ake ndi maampu 13 omwewo. Hotipuleti izikhala pa soketi ya pakhoma payokha, ketulo ndi simbi zizisinthana.

"Ana azichedwatu."

"Madzi muziwiritsa kaye, mayi, sizitenga mphindi zambiri. Simbi ibwere pambuyo."

Anawerenga ndalama zawo, n'kupempha mafyuzi awiri apadera. Kenako anafunsa ngati angatenge chikatoni chija kuti akamuonetse mwana wawo.

"Tengani. Ngati sakamva, mumutume Loweruka abwere ndi simbiyo, adzaiyeze yekha."