A Tcheya Sawerenga, Amalandira Lipoti

Nyuzipepala yakweranso mtengo. Mnyamata wogulitsa pasiteji kwathu ku Ndirande ananditchulira mtengo watsopanowo osaphethira n'komwe, mpaka ndinamufunsa ngati masiku ano m'katimo akumaikamo ndiwo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse m'dziko muno chikungokwera kupatula malipiro anga ndi timu imene ndimasapota. Kale amphawife tinkawerenga mitu ya nkhani mwaulere, titaimirira, manja kumbuyo. Pano mnyamatayo amaipinda n'kutsindikizapo mwala, ndipo ukapendeketsa khosi amakuyang'ana moti uchita kudziwa wekha kuti wayamba kuba.

Ndiye ife a pabawo, amene timakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo, tinagwirizana kuti Loweruka lililonse tizisonkha n'kugula imodzi, tiziwerengera limodzi. Maganizo abwino zedi. Koma mukudziwa kuti Mmalawi satulutsa ndalama m'thumba popanda komiti.

Chisankho chinachitika tsiku lomwelo, ndipo ine ndinapambana popanda wopikisana naye. Chimene chinandipambanitsa ndi magalasi. Ndinawagula pamsika, saonetsa chilichonse chimene maso anga saona kale, koma anzanga anati munthu wovala magalasi sangalephere kutsogolera gulu lowerenga. Kuyambira pamenepo dzina limene anandipatsa amayi anga linatha ntchito. Ndine a Tcheya.

Tinasankhanso wachiwiri kwa tcheya, mlembi, wachiwiri kwa mlembi, msungichuma, mneneri wa gulu ndi mkulu wosungitsa mwambo. Atatsala anthu opanda udindo, nkhope zili gwaa, tinaona kuti gululi lingagawanike lisanabadwe, choncho tinakhazikitsa udindo wa mkulu wotembenuza masamba, komanso wa mkulu woona zamphepo, amene ntchito yake ndi kugwira ngodya za nyuzipepala kukawomba kamvuluvulu. Mkulu wina wa kabaza anangoima kuti afunse njira, anachoka ali trasitii. Pofika madzulo maudindo anali atachuluka kuposa anthu, ena n'kusenza awiriawiri chifukwa chokonda dziko lawo.

Msonkhano woyamba unayenda mwadongosolo. Tinatsegula ndi pemphero. Kenaka mawu a tcheya, amene ndinawakonza usiku wonse ndipo anakhudza mbiri ya dziko lino kuchokera kwa John Chilembwe. Kenaka opepesa. Kenaka mlembi anawerenga zomwe tinakambirana pamsonkhano wapitawo, womwe sunachitikepo, ndipo wachiwiri wake anatsutsa mfundo ziwiri. Pomwe tinkafika pa mfundo yachisanu ndi chitatu, yomwe inali kuwerenga nyuzipepala, dzuwa linali litalowa, magetsi atapita kwawo monga mwa masiku onse. Msungichuma anaitenga kuti akaisunge pabwino. Inabwerako ilibe tsamba la zamasewero. Bamboyu amasuta chingambwe, koma komiti yofufuza, yomwe wapampando wake anali iye mwini, inapeza kuti analakwa ndi mbewa.

Apa mneneri wa gulu anatitsegula m'maso. Anati vuto lathu ndi kusowa maphunziro a utsogoleri, ndipo akuluakulu akafuna kuphunzira utsogoleri amapita kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, chifukwa nzeru sizilowa m'mutu ngati pafupi palibe chambo. Ife nyanja yathu ndi mtsinje wa Nasolo. Tinakakhala m'mbali mwake, mphuno titatseka, n'kuphunzitsana kuti mtsogoleri wabwino amagawa ntchito. Phunziro limeneli linandilowa mpaka m'mafupa. Alawansi inali chimanga chootcha, aliyense theka, tcheya chathunthu.

Nditafika kunyumba ndinalengeza kuti anthu azindipatsa ulemu woyenera udindo wanga. Mayi akunyumba sanatsutse. Anagwada bwinobwino n'kunena kuti, “A Tcheya, ufa watha.” Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kenaka mphunzitsi wina wopuma ntchito anatimvera chisoni n'kutipatsa buku lenileni: Nthondo, lija analemba Samuel Josia Ntara, lomwe linapata mphotho pampikisano wa mabuku a zilankhulo za mu Africa kalelo m'ma 1930. Chikuto linalibe, ndipo mphemvu zinali zitayamba kale kuliwerenga kuchokera kumapeto. Funso linali lakuti ayambe ndani. Wachiwiri wanga anati ayambe tcheya. Ine ndinakumbutsa nyumba yonse zimene tinaphunzira ku Nasolo: tcheya sawerenga, amalandira lipoti. Tinakhazikitsa kakomiti koti kawerenge m'malo mwanga, nako kanasankha tcheya wake, amenenso anati akudikira lipoti. Bukulo linapita kwa msungichuma kukasungidwa pabwino, tonse mitima ili m'mwamba.

Tsono pali mayi wina amene amakazinga mandasi pafupi ndi chigayo chija. Nyuzipepala zathu zakale, zosawerengedwazo, timamugulitsa kuti azikulungira malonda ake, ndipo ndalamayo ndi imene imalipira alawansi ya komiti. Tsiku lina masana ndikupita kukatolera ngongole, magalasi ali pamphuno, ndinapeza ana atamuzungulira, yunifolomu zili mbuu. Ndinayesa akulimbirana mandasi. Ayi ndithu. Mwana akabwera kudzagula, mayiyo amang'amba kapepala, koma asanakulunge amati, “Tawerenga kaye apa, mwanawe.” Akawerenga bwino amamuwonjezera nyenyeswa za m'chiwaya. Akakakamira pa liwu, wamkulu wa Sitandade 7 amamuthandiza, chifukwa nayenso akufuna nyenyeswa. Ena analibe ndi ndalama yomwe, anangobwera kudzamvera. Pambali, kamtsikana kena kanakhala pa ndowa yovundikira, kakuwerengera anzake mokweza buku lopanda chikuto. Nthondo wathu! Akazi a msungichuma analipulumutsa ku chingambwe n'kulibweretsa kuno, ndipo anawo anali atapitirira kale pakati, akukangana ngati mnyamata wa m'bukumo anali woipa chibadwire kapena anamuwononga ndi anthu.

Ndinafunsa mayiyo kuti gulu lakeli tcheya wake ndani. Anandiyang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato. Ndinamuuza kuti komiti yanga ikhoza kumuganizira udindo wa mlangizi wamkulu woona za ana, mwinanso ndi chimanga chathunthu. Anati, “Bambo, tapatukani, mafuta akupsa.”

Lekani ndivule kaye magalasiwa. Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, makalasi anadzaza mpaka ena kuphunzirira pansi pa mitengo, koma kufikira lero ana ambiri amaunjikana pa buku limodzi, ndipo kunyumba chowerenga chokha chimene amachiona ndi pepala la mandasi. National Library Service ilipo chiyambire zaka za m'ma 1960, koma kafunseni ana a m'makwalala athu kuti ndi angati anapondamo mulaibulale, poti kuti akafike kutauni pafunika ya minibasi imene makolo awo alibe. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2002, ndipo chimene chinamutola ndi kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale kwawoko. Anabwerekako buku la zamphamvu ya magetsi, n'kumanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo za kudzala, mpaka dziko lonse linaonera filimu ya moyo wake mu 2019. Palibe anamutengera kunyanja kukamuphunzitsa utsogoleri. Wina anangoika mabuku pashelefu n'kusiya chitseko chotsegula. Ndalama imene imathera pa mafuta a galimoto, zipinda ndi ma alawansi pa msonkhano umodzi wokambirana “chikhalidwe chowerenga” ikhoza kudzaza mashelefu angapo otere, ndipo amene amasainira ndalamazo akudziwa bwino lomwe.

Ndavalanso magalasi. Nkhani ya mayi wa mandasi ndinaitengera ku komiti, ndipo inakambidwa mozama. Mkulu wosungitsa mwambo anati mayiyo akuyendetsa gulu losalembetsa. Mneneri anati tinene kuti ndi nthambi yathu ya achinyamata, kuti mabungwe akabwera ndi thandizo adzapeze ife. Mkulu woona zamphepo sanayankhule, kunali bata. Pomaliza tinagwirizana kuti kamtsikana ka pandowa kaja kakamaliza Nthondo kadzapereke lipoti kwa tcheya, mwachidule, makamaka mmene nkhaniyo inathera, popeza mphemvu zinakana kuulula.

Inu amene muli ndi mabuku m'sutikesi pansi pa bedi, kaya ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe lija munaiwala kubweza kusukulu, kaya ndi la ana anu amene anakula kalekale, bwerani nawo Loweruka kuseri kwa chigayo. Mukafika mudzaona amuna ovala majekete pansi pa mango, mmodzi wa magalasi akuyankhula ataimirira. Mudzatipatse moni, ulemu ndi wofunika, koma mabukuwo mukapereke kwa mayi wa mandasi.