Thobwa la apongozi

Chifu changa anachichotsa chonse chifukwa cha khansa, madokotala n'kulumikiza kummero ndi matumbo aang'ono. Potuluka m'chipatala anandilangiza momveka bwino: ndizidya pang'onopang'ono maulendo 6 kapena kuposerapo patsiku, ndizitafuna mpaka chakudya chisalale, madzi ndizimwa patapita mphindi 30 nditadya, ndipo zotsekemera ndizizipewa. Jakisoni wa vitamini B12 ndidzabayitsa moyo wanga wonse, pakuti chimene chimathandiza thupi kuyamwa vitaminiyu chimapangidwa m'chifu momwemo.

Kwawo kwa mayi a kunyumba sankadziwa zonsezi. Ndinawaletsa mayiwo kuulula, poopa kuti anthu azindiyang'ana ngati maliro oyenda.

Tsiku la chinkhoswe cha mlamu wanga, apongozi anatuma mwana kudzanditulira nsima, nkhuku ya lokolo ndi chikho cha thobwa. Anali atathiramo shuga wambiri poona mmene ndaondera. Mkamwini angabweze bwanji chakudya cha apongozi? Iwo anali poteropo pakhonde, akundisuzumira mwachifundo. Ndinamaliza mtanda wonse, thobwa lija n'kugugudiza.

Sipanathe mphindi 20. Thukuta linangoti chuchuchu, mtima ukugunda ngati ufuna kutuluka, m'mimba mukupota, maso akuchita mdima. Munthu wopanda chifu alibe posungira chakudya: chonse chimagwera m'matumbo nthawi imodzi, ndipo shuga uja amakokera madzi a m'magazi kupita m'matumbomo. Ndinadzuka kuti ndithamangire kuchimbudzi, koma ndinagwa chafufumimba pafupi ndi nkhokwe, ng'oma n'kusiya kulira.

Mchimwene wanga, amenenso ndinamubisira, anakuwa anthu onse akumva: "Mwamuthirira chiyani m'thobwamu?"

Nditatsitsimuka ndinaona apongozi atakhala pansi m'fumbi, mpango utagwa, akulira. Anatola chikho chija n'kumwa zotsalira kuti anthu aone kuti mulibe mankhwala. Mayi amene anakazinga mapira, kusinja ndi kuphika usiku wonse chifukwa chondikonda!

Ndinavula malaya pomwepo, n'kuwaonetsa chipsera chochokera pachifuwa kufika pamchombo, ndipo ndinafotokoza zonse, mawu akunjenjemera. Apongozi anangoti, "Bambo, mukanandiuza ndikanakuphikirani dzira."

Mchimwene anakapepesa ndi tambala m'manja. Koma mawu ake aja anali atafika kale kuchigayo ndi kumjigo, ndipo mpaka lero alipo amayi ena m'mudzimo amene salola ana awo kukadya kwa apongozi anga.