Macbeth Wafika ku Malaini

Chiperoni chikayamba kukuta minda ya tiyi ku Thyolo, nyumba iliyonse ya ku malaini imene ili ndi mwana wa Fomu 4 imakhala ngati muli wodwala. Wailesi amaitsitsa, mwanayo satumidwanso kumjigo, ndipo dzira likapezeka limodzi aliyense amadziwa mwini wake. Chomwe chikumudwalitsa ndi Macbeth, sewero la William Shakespeare limene a MANEB amafunsa pa mayeso a MSCE. Buku ndi limodzi, ana ndi khwimbi, Chingerezi chake ndi cha m'ma 1606, chimene ngakhale bwana wamkulu wa pa esiteti angachiwerenge akukanda m'mutu. Choncho mtsikana amaloweza mokweza, akumasulira m'Chichewa kuti amve yekha, ndipo pofika Lachitatu laini yonse yasanduka akatswiri a Shakespeare popanda wogwirako bukulo.

Anganga ake ndiwo amayamba. Atamva kuti nkhaniyi idachitikira ku Scotland, akuti sakudabwa. Anthu akumeneko adatibweretsera mishoni ya Blantyre, mnzawo Maclean Kay adatsegula esiteti ya Satemwa mu 1923, ndiye tsopano atitumizira milandu ya kwawo kuti ana athu aziweruza. Mwanayo akuwauza kuti wolemba anali Mngelezi, koma anganga sakusuntha. Ali ndi mfundo ndithu, poti seweroli lidalembedwa mfumu ya ku England ili James, wa ku Scotland komweko, amene adalembapo buku lonse la za ufiti mu 1597.

Za afiti sizivuta kuno. Chimene amalume ake, mlonda wa usiku ku fakitale, sakumvetsa n'chakuti amayi atatu aja adauza Macbeth kuti adzakhala mfumu popanda kuitanitsa kalikonse.

"Nkhuku yakuda ayi? Ngakhale ya mayunitsi?"

"Sadapemphe kanthu, amalume."

"Ndiye n'chifukwa chake zidamuthera moipa. Mankhwala aulere sagwira bwino."

Akamva kuti Lady Macbeth adaledzeretsa alonda a mfumu Duncan n'kuwapaka magazi kuti mlandu ugwere iwo, amalume akuvula chipewa n'kukhala pansi. Akuti mzungu amene adalemba seweroli ntchito ya ulonda ankaidziwa. Feteleza akasowa m'sitolo, kiyi ali ndi ena, koma woyamba kuitanidwa ku ofesi ndi munthu wa chibonga ndi tochi.

Kumjigo nkhani yagawa amayi pawiri. Ena akuti mayi ameneyu anali wadyera, mwamuna wake anali atangokwezedwa kumene pa ntchito, akadayamba wadya kaye zimenezo. Ena akuti musamunene mnzathu. Mwamuna ukapanda kumukankha amakalamba ndi dengu kumsana, anzake amene adayamba nawo kuthyola tiyi ali pa ukapitawo. Cholakwa chake n'chimodzi, adapitirira muyeso. Kuno munthu akafuna mpando wa kalaliki wa pa sikelo sagwira mpeni. Amangonong'oneza bwana kuti makilo a masamba sakugwirizana ndi za m'kaundula, kenako n'kupita kukapepesa mnzakeyo tsiku limene wachotsedwa, atanyamula nthochi.

Abambo ake a mtsikanayo, amene amakhala nawo pa milandu ya kwa amfumu, aona zina zimene aphunzitsi sadaone. Duncan adasankha mwana wake womubereka, Malcolm, kuti adzalowe ufumu. Kwa Mlhomwe zimenezi ndi kuputa nkhondo dala, chifukwa ufumu umatsata kuchikazi, kwa mwana wa mlongo wako. Macbeth anali mbale wa mfumuyo, ndiye dandaulo anali nalo. Akadangopita kwa a DC ku boma, kapena kukatenga chiletso ku khoti monga achitira anthu ozindikira, bwenzi mlanduwo ukuzengedwabe mpaka lero, aliyense ali moyo. Macbeth weniweni wa m'mbiri, tinene pano, adapha Duncan pa nkhondo mu 1040, osati pa bedi, ndipo adalamulira mpaka 1057. Koma zimenezo musakalembe pa mayeso, a MANEB amafuna za m'sewero.

Aphunzitsi amasunga nkhani ya nkhalango ya Birnam kuti adzadabwitse nayo kalasi. Macbeth adalonjezedwa kuti sadzagonja pokhapokha nkhalango itayenda kufika ku linga lake la Dunsinane, ndipo iye adaseka poti mitengo siyenda. Ana a ku Thyolo sadabwa ngakhale pang'ono. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo idayenda makolo awo akuona, pamitu ya anthu ndi panjinga, ina kusanduka makala n'kulowera ku Bvumbwe ndi ku Limbe. Nalonso lonjezo lina lakuti palibe wobadwa mwa mkazi angamuphe silipita patali. Aphunzitsi asanamalize kufotokoza za Macduff, amene adapha Macbeth, mnyamata wa kumbuyo wakweza kale dzanja kuti nayenso adabadwira ku mpeni pa chipatala cha boma, ndipo ngati pali mfumu yovuta amuuze.

Pamene pamagwa ana ambiri ndi pa funso la chikumbumtima. Fotokozani mmene kudziimba mlandu kudawonongera Macbeth ndi mkazi wake. Apa laini yonse, imene imayankha chilichonse, imangoti zii. Mayi uja akuyenda ali m'tulo, akusamba m'manja usiku ndi usiku chonsecho m'manjamo mulibe kanthu. Wina akuti mwina kudali kolera, ngati ya 2022 ija, ndipo mayiyo ankangotsata malangizo a alangizi a zaumoyo. Mzukwa wa Banquo, mnzake amene Macbeth adamuphetsa, ukabwera kudzakhala pa mpando wa Macbeth pa phwando, anganga akuti zimenezo n'zodziwika, sadachite sadaka ndipo nyumba sadaitsirike. Zoti munthu angasowe tulo popanda womulodza, chabe chifukwa cha zimene adachita yekha, ndiye zikumveka zachizungu.

Aphunzitsi ayesa kufuna chitsanzo chapafupi. Msungichuma wa banki m'khonde amene adadya ndalama za gulu lonse? Adanenepa, ndipo pano ndi mkulu wa mpingo. Kapitawo uja adalemba mayina a anthu omwalira pa ganyu ya m'dzinja? Amagona mpaka mkonono kumveka laini yachiwiri. Amene adabowola mayeso a MSCE mu 2020, mpaka ana a dziko lonse kulembanso kachiwiri chaka chotsatira? Palibe adamvapo kuti wina mwa iwo ankadzuka pakati pa usiku kufuna sopo. Mapeto ake aphunzitsi amangolemba tanthauzo pa bolodi, ana n'kukopera, n'kuliloweza pamodzi ndi mayina a mitsinje ya ku Canada.

Usiku wotsiriza magetsi azima, ndipo mtsikana uja akubwereza mfundo zisanu za m'pamfuleti pa tochi ya amalume ake. Abambo ake akumvetsera kuchokera kuchipinda.

"Iwe, funso la chikumbumtimalo ndi la mamalikisi angati?"

"Mwina khumi, ababa."

"Nanga la afiti?"

"Chimodzimodzi."

"Ndiye ukuvutikiranji? Ukayankhe la afitilo. Ukakanika, amalume ako alipo."