Ananyamuka mfuti isanalire

Ntchito yanga ndi yophunzitsa masamu. Udindo woyang'anira masewera unandigwera chifukwa pa aphunzitsi onse a pasukulu yathu, kuno kwa Chapananga, wamng'ono ndinali ine. Palibe anandifunsa ngati ndinathamangapo mpikisano chibadwire. Mpira ndinkaudziwa, koma za liwiro ndinkangodziwa kuti wofika poyamba ndiye wapambana. Zimene ndikuulula pano zinagwera mwana wa eni ake, mtsikana amene ankachita chilichonse chimene ndamuuza, ndipo mlandu wake ndi wanga.

Anali wa Fomu 2, ankakhala ndi agogo ake aakazi, alimi a thonje ndi mapira. Pabwalo lathu la makande, pomwe mizere timalemba ndi phulusa, ankasiya anyamata m'mbuyo pa mamita 100 ali wopanda nsapato. Koma chinthu chimodzi ndinkachiona nthawi zonse. Wezulo ikalira, iye ndiye ankachoka pomalizira, n'kuyamba kuwapeza anzake mmodzimmodzi pakati pa njira. Akanakumana ndi atsikana a liwiro ngati lake, mpata wotayika poyambirawo sakanaubweza.

Mu Julaye 2021 ndinaonera pafoni Asimenye Simwaka akuthamanga mamita 100 ku Olimpiki ya ku Tokyo, komwe anadutsa ndime yoyamba n'kuswa rekodi ya dziko lino. Anzanga ankayang'ana kumapeto, ine maso anga anali poyambira. Othamanga onse anagwada, zala pansi kuseri kwa mzere, mapazi atatsamira pa mabuloko, tizitsulo tiwiri topendekeka tomwe munthu amakankha ponyamuka. Mfuti italira anatuluka ataweramira kutsogolo, osadzuka msanga. Ndinati mumtima, chimene chikusowa kwa mwana wanga uja ndi chimenechi.

Ndinatha mabandulo ambiri ndikuonera makanema, n'kumalemba m'kope. Mwendo wamphamvu umakhala kutsogolo. Buloko ya kutsogolo imatalikira mzere ndi mapazi awiri a wothamangayo, ya kumbuyo atatu. Akati "On your marks" umagwada, bondo la kumbuyo pansi, manja motalikirana ngati mapewa. Akati "Set" umakweza chiuno kupitirira pang'ono mapewa, bondo la kutsogolo likhale pa madigiri 90, la kumbuyo pafupifupi 120, khosi lomasuka, maso pansi. Kenako umakankha ndi miyendo yonse iwiri. Kwa mphunzitsi wa masamu, madigiriwa anandikoma kwambiri, ndipo ndikuona tsopano kuti ndiwo anandiphimba m'maso. Ndinayesa kuti nkhani yonse yathera pa kayezedwe ka mawondo.

Mabuloko enieni sindikanawapeza, ndiye ndinapita kwa kalipentala wa pamsika ndi chojambula changa. Anachitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kameneka n'kokhalira kapena n'kopalira kokonati?" Nditafotokoza, anandilangiza thabwa lopepuka. Ine ndinaumirira tsanya poopa chiswe. Tsanya anapinda misomali yake yambiri, mtengo wa ntchito n'kukwera, koma mapeto ake ndinanyamula thabwa lalitali lokhala ndi zopondera ziwiri, lolemera moti ndinachita kulimangirira panjinga.

Tsiku loyamba linali mu Okutobala, mwezi womwe kuno kumatentha kupitirira madigiri 40 ndipo makande amauma gwa n'kung'ambika. Ndinaika thabwa lija pansi, ana atazungulira, n'kunena kuti ndiyambe ine kuti aone. Chimene sindinachione m'makanema ndi chakuti mabuloko enieni ali ndi minga yachitsulo kunsi, yomwe imaluma pansi. Munthu ponyamuka amakankhira mphamvu yake yonse kumbuyo, ndipo chopondedwacho chikasuntha, thupi lomwe laweramira kale kutsogolo lilibenso pogwira. Thabwa linathawira kumbuyo, ine n'kugwa chafufumimba, thupi lonse litatsamira dzanja lamanja. Ana ena anaseka, ena anathamangira kukaitana aphunzitsi anzanga. Kuchipatala anati fupa silinathyoke koma mfundo ya padzanja yabinya kwambiri, ndipo kwa nthawi ndithu ndinkalemba pabolodi ndi dzanja lamanzere.

Wowotcherera zitsulo anatisulira zikhomo zosongoka, kalipentala n'kuboola thabwa, ndipo tikakhomera ndi hamala linkagwira. Mvula itayamba makande anasanduka matope onanda, tinasamukira pamchenga wa m'mphepete mwa mtsinje wa Mwanza, komwe zikhomo zinkangozuka. Bambo wina wachikulire yemwe ankamwetsa ng'ombe anatiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ife kale tinkangokumba timaenje tiwiri, phazi n'kulowetsamo." Ndinawathokoza koma sindinawamvere, chifukwa thabwalo linali litandidyera ndalama ndi dzanja. Chonsecho bamboyo ankanena zoona. Jesse Owens anapambana ku Berlin mu 1936 akunyamukira m'timaenje tokumba yekha ndi kafosholo, ndipo mabuloko anafika ku Olimpiki mu 1948, ku London. Koma zonsezi zinali zazing'ono, poti zinapweteka thupi langa ndi thumba langa basi.

Cholakwa chachikulu ndinkachichita tsiku ndi tsiku ndikumwetulira. Woyambitsa ndinali ine ndekha. Ndinkaima pambali penipeni pa mtsikanayo kuti ndione mawondo ake, wezulo ili pakamwa. Ndikati "Set" ndinkawerenga mumtima, imodzi, ziwiri, n'kukoka mpweya, n'kuimba. Sindinasinthepo ngakhale tsiku limodzi. Mwana wanzeru sachedwa kugwira kayendedwe ka zinthu. Posakhalitsa thupi lake linaloweza kutalika kwa kanthawi kameneko, ndipo khutu lake linkamva mpweya wanga ndisanaimbe. Anayamba kuchoka nthawi imodzimodzi ndi kulira kwa wezulo, osatsalira ngakhale pang'ono.

Ine ndinasangalala kwabasi. Ndinamuyamikira pamaso pa anzake, ndinauza aphunzitsi kuti mwanayu khutu lake ndi lapadera. Pomwe m'kope langa lomwe lija munali mzere umene ndinalemba ndi dzanja langa, wakuti malamulo a World Athletics amatenga munthu wonyamuka pasanathe sekondi 0.1 mfuti italira ngati waba poyambira. Chifukwa chake n'chakuti phokoso liyenera kulowa m'khutu, uthenga ufike ku ubongo, uchoke kumeneko upite ku minofu ya miyendo, ndipo ulendo umenewu sungafupike kuposa pamenepo. Ku mipikisano ikuluikulu mabuloko amakhala ndi makina oyeza nthawi yomwe phazi layamba kukankha. Munthu wochoka limodzi ndi wezulo ndiye kuti wezuloyo sanaimve, wangolosera. Ndinkaphunzitsa mwana kulosera, n'kumamuombera m'manja akalosera bwino.

M'mipikisano ya sukulu zoyandikana nazo palibe chinaonekera. Oyambitsa anali aphunzitsi ngati ine, a wezulo ndi kawerengedwe kofulumira, ndipo wina akatsogola ankangoti bwererani tiyambirenso. Mtsikana uja anapambana mosavuta, mpaka anasankhidwa kukathamanga ku Blantyre.

Ulendowo sunali wapafupi. Namondwe Ana anali atagumula mlatho wa Chapananga mu Januwale 2022, choncho Mwanza tinawoloka wapansi, zikwama pamutu, n'kukwera njinga zamoto mpaka ku Chikwawa. Kuchokera pa Dyeratu tinakwera minibasi, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri. Agogo ake anali atagulitsa mbuzi kuti tigule nsapato zothamangira pa kaunjika. Potsazikana anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwanayu ndapereka m'manja mwanu. Ine za kumeneko sindizidziwa, mukudziwa ndinu."

Pabwalo panali mabuloko enieni achitsulo, osunthika. Ndinamuona akuyeza ndi mapazi ake, awiri kutsogolo, atatu kumbuyo, modekha ngati anakulira pomwepo. Mtima wanga unadzaza. Woyambitsa anali bambo wa imvi, ataima patali chakumbali ndi kamfuti kake. Anati "On your marks", atsikana anagwada. Anati "Set", ziuno zinakwera. Woyambitsa wodziwa ntchito saomba mpaka onse atakhazikika zii, ndipo mtsikana wina wa kumzere wakunja anali akugwedezekabe. Bamboyo anadikira. Ziwiri zija zinakwana m'thupi la mwana wanga, ndipo anatuluka, yekha, mokongola kwambiri, ataweramira kutsogolo monga m'makanema muja, anzake onse ali chigwadire.

Anamubweza, ndipo wothandizira woyambitsa anapita pamzere wake n'kumulozera kunja. Mwanayo sanamvetse. Anabwerera pa mabuloko kuti agwadenso, mpaka anachita kumugwira paphewa. Kenako anatembenuka kundifunafuna ndi maso pakati pa anthu.

Ndinathamangira kwa woyambitsa uja mpikisano utatha. Ndinati, "Bwana, mwanayu wachokera kutali, kwa Chapananga. Tawoloka mtsinje wapansi. Muikeni m'gulu lotsatira, chonde." Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Aphunzitsi, ndikumva chisoni, koma lamuloli si langa. Ndikamulola lero, mawa akalipeza komwe kulibe womumvera chisoni." Bamboyo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Kuyambira mu 2010 lamulo la dziko lonse ndi lakuti ukaba poyambira kamodzi kokha watuluka, ndipo silinasiye ngakhale Usain Bolt, yemwe anachotsedwa mu ndime yomaliza ya mamita 100 ku Daegu mu 2011, mpikisano n'kupita kwa Yohan Blake. Nkhani ya Bolt ndinkaidziwa, ndinali nditawasimbirapo ana ngati nthano yosangalatsa.

Ndikutembenuka kuti ndizipita, bamboyo anandiitananso. "Kodi kusukulu kwanuko amamuyambitsa ndani?" Ndinati ndine. "Inu nokha, masiku onse?" Ndinavomera. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye mwanayu amathamangira inu. Mfuti sakuidziwa. Kanyamukidwe kake n'kabwino kuposa onse amene ndawaona lero, koma simunamuphunzitse kudikira."

Pobwerera, minibasi ikutsika mapiri ndipo chigwa chonse chikuoneka mmunsi, mtsikanayo anayankhula koyamba. Sanakweze mawu. Anati, "Sala, ine ndinachita mmene munandiphunzitsira." Ndinamuuza kuti ndi zoona, kuti sanalakwitse kanthu, kuti wolakwa ndine. Sindikudziwa ngati mwana wa msinkhu umenewo amapeza chitonthozo pomva mphunzitsi wake akuvomera choncho. Mwina zimangomuchotsera munthu womudalira.

Kwa agogo ake ndinapita ndekha tsiku lotsatira. Ananditengera mpando pansi pa mtengo, iwo n'kukhala pamphasa. Ndinafotokoza zonse, za wezulo, za mpweya, za mfuti. Anamvetsera, kenako anafunsa funso limodzi: "Ndiye kuti sanathamange n'komwe?" Ndinati sanathamange, agogo. Akanakhala kuti anathamanga n'kugonja, gogoyo akanamvetsa, poti kugonja aliyense amakudziwa. Koma kugulitsa mbuzi kuti mwana akaponde masitepe owerengeka n'kubwezedwa, zimenezo zinalibe pokhala m'mutu mwawo, ndipo ine ndinalibe mawu ozikhazikitsira. Ndalama ya mbuziyo ndinabweza pang'onopang'ono. Poyamba anakana, kenako analandira chifukwa chaka chimenecho madzi anali atawononga minda.

Pali chinthu chimene chimandiwawa kuposa manyazi anga. Dziko lino lili ndi bwalo la Bingu ku Lilongwe, lotsegulidwa mu 2017, lokhala ndi njira yeniyeni yothamangiramo, ndipo mu Disembala 2022 mumzindawo munachitikira masewera a achinyamata a Region 5. Zimenezo n'zabwino. Koma mwana amafika pabwalo lotere atapangidwa kale ndi mphunzitsi wa kumudzi, ndipo mphunzitsiyo kawirikawiri amakhala munthu ngati ine, wodziphunzitsa yekha pafoni. Othamanga athu amene anatchuka kale, monga Catherine Chikwakwa, ambiri anali a mitunda italiitali, komwe umanyamuka choimirira ndipo ukachedwa pang'ono uli ndi mamita masauzande okonzera. Pa mamita 100, 200 ndi 400 malamulo amafuna mabuloko, ndipo pa mamita 100 zonse zimatha pasanathe masekondi 15. Zimene bambo wa imvi uja anandiuza ataimirira padzuwa zinali zosakwana mphindi ziwiri. Ndikanazimva chaka chimodzi m'mbuyo, mwana uja akanathamanga.

Kuchotsa chizolowezi m'thupi la mwana kunakhala kovuta kuposa kuchiikamo. Tinasiya wezulo n'kuyamba kuomba matabwa awiri, woombayo ataima kumbuyo komwe othamanga sangamuone kapena kumumva akupuma. Nthawi yodikira timaisintha, pena yaifupi, pena yaitali mpaka manja anjenjemere, pena osaomba n'komwe, kungoti dzukani. Amene watsogola amakhala pambali mpaka gulu lotsatira, monga zimakhalira ku mpikisano weniweni. Thabwa la tsanya lija ndi limodzi, choncho ana ena onse amakumba timaenje ndi khasu, ndipo amanyamuka bwino lomwe.

Mtsikana uja anabweranso pabwalo, ngakhale panapita nthawi. Miyezi yoyamba chiuno chake chinkagwedezekabe pa ziwiri, ndipo poopa kuba anayamba kuchedwa kuposa kale. Anadzakhazikika ali Fomu 4, chaka chomwe mayeso anamudyera nthawi yonse, ndipo anamaliza sukulu mwayi wina wopita ku Blantyre usanapezeke. Matabwa oombera ndinawapereka kwa mphunzitsi mnzanga wamkazi ndi ana a makalasi akuluakulu, omwe amasinthana, chifukwa ndinapeza kuti ine ndikawagwira, dzanja langa limafunabe kuomba pa ziwiri.