Injini ya boti yogulira makutu a anansi

Munthu wa m'tauni akangolandira ndalama za penshoni, kapena akagulitsa puloti ku Area 25, kapena mwana wake wa ku Johannesburg akamukumbukira, amayamba kulota nyanja. Amamva kuti ku Senga Bay usipa ukulemeretsa anthu, kuti wina ku Nkhotakota wamanga nyumba ya malata ndi chilimira chimodzi, ndiye nayenso amakapereka oda ya boti la matabwa kwa mmisiri wa kudoko. Mpaka pamenepo palibe mlandu. Mlandu umayamba tsiku logula injini, chifukwa tsiku limenelo bwana amafunsa aliyense kupatula anthu awiri amene akudziwa, mmisiri amene anakhoma botilo ndi msodzi amene azidzachezera nalo panyanja. Amafunsa alamu awo oyendetsa lole, amafunsa gulu la pa WhatsApp la anzawo a kusekondale, amafunsanso wogulitsa m'sitolo, munthu amene phindu lake limakula injini ikakula. Akatswiri onsewa, amene madzi akuya amawadziwira m'bafa, amayankha ngati anapangana: "Achimwene, tengani fote, musadzichotse ulemu." Ndipo fote, injini ya mphamvu ya akavalo 40, imagulidwa. Imagulidwira makutu a anthu okhala pamchenga, pamene boti limene likaisenze silinafunsidwe n'komwe.

Khalidweli n'lakale m'tauni. Ndi lomwe lija limagulitsa sipika yaikulu kuposa chipinda chimene ikulira, ndi keke ya ukwati ya nsanjika zisanu mkwati atakongola suti. Kumtunda zoterezi zimangopweteka thumba. Panyanja pali woweruza wina amene sasamala kuti mnansi wanu ali ndi chiyani, ndipo woweruzayo ndi madzi. Boti lolemera la matabwa limayenda pokankha madzi, ndipo likamatero limapanga funde kumphuno ndi lina kumbuyo. Liwiro likamakwera mafunde awiriwa amatalikirana, mpaka kufika poti boti lonse lakhala m'chigwa pakati pawo. Likafika pamenepo, kuti lithamange kuposerapo liyenera kukwera funde lake lomwe, ndipo mphamvu yambiri imene mwawonjezera imangothera pokumba dzenje kumbuyo ndi kudzutsa mphuno m'mwamba. Amisiri a zombo anawerengera kalekale kuti malire amenewa amatsata kutalika kwa boti pamadzi. Boti la mamita 7 limafika pamalire ake pa makilomita pafupifupi 12 pa ola, la mamita 9 pakati pa 13 ndi 14. Boti lopyapyala likhoza kubapo pang'ono, koma kilomita iliyonse ya pamwamba apo imagulidwa pamtengo wa ku chipatala cha pulaiveti. Bwana akamaona thovu lambiri kumbuyo kwa boti amaombera m'manja kuti ndiye kuthamanga kumeneko. Thovulo ndi petulo wake akusanduka phokoso.

Nkhani ya petulo ndiyo alangizi a pa WhatsApp amaiwala dala, poti sadzakhalapo tsiku lodzaza thanki. Mphamvu ya injini imayezedwa mwa akavalo kuchokera m'zaka za m'ma 1780, pamene James Watt ankafuna kukopa anthu kuti agule makina ake a nthunzi m'malo mwa ziweto, ndipo akavalo a m'injini amafanana ndi a m'khola pa chinthu chimodzi: aliyense amadya, kaya wagwira ntchito yothandiza kaya wangopalasa. Injini za Yamaha Enduro zimene zafala m'madoko athu zimasonyeza bwino zimenezi. Ya akavalo 15 ikatsegulidwa mpaka mapeto imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, pamene ya 40 imayandikira malita 20. Thanki yofiira ija ya malita 24 imayendetsa fifitini maola opitirira atatu, koma fote imaiumitsa ola limodzi likangopitirira pang'ono, ndipo lita iliyonse imafunanso oyilo wake wosakaniza. Walira mvula walira matope. M'dziko limene mizere ya pa filing'i siteshoni yatiphunzitsa kugona m'galimoto, kumene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo kachitsulo kalikonse ka injini kamachokera kunja, kugula mimba yaikulu chonchi pofuna kuwonjezera makilomita awiri pa ola kumafuna munthu wolimba mtima kapena wosadziwa kuwerengera. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri ndalama ya mafuta imayamba yachotsedwa asodzi asanagawane za nsomba. Ulemu wa bwana amalipira ndi anyamata amene anakoka khoka, ndipo iwo sanaitanidwe kusitolo.

Palinso kulemera, kumene sikuoneka pa chithunzi chotumiza ku gulu. Fifitini imalemera makilogalamu pafupifupi 40, fote pafupifupi 70. Makilogalamu amenewa amapachikidwa pamalo amodzi, pathabwa la kumbuyo, limene mmisiri analikhoma akuganiza za injini ina. Thabwalo limayamba kugwedera, misomali imamasuka, madzi amayamba kulowa, ndipo m'boti mumabadwa udindo watsopano wa mnyamata wokapa madzi ndi chigubu chodula. Komanso injini sigona kudoko, chifukwa akuba nawo amadziwa mitengo. Fifitini mnyamata mmodzi wamphamvu amaiika paphewa n'kukaitsekera m'nyumba. Fote imafuna anthu awiri tsiku ndi tsiku, popita ndi pobwera, mumchenga wotitimira, ndipo bwana amene anaisankha amakhala ali ku Lilongwe akuimba foni kufunsa kuti mwapha zitini zingati.

Okonda zazikulu ali nazo zonena, ndipo zina n'zomveka. Chachikulu ndi mwera. Nyanja ya Malawi si dziwe. Ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo mphepo ya kummwera imene imawomba m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, imadzutsa mafunde amene ngakhale sitima ya Ilala, imene yayenda panyanjayi kuyambira 1951, imawapatsa ulemu. Okonda zazikulu aja amati mwera ukadzuka umafuna injini yothawira nayo. N'zoona kuti boti lopanda mphamvu yokwanira yoloza mphuno yake ku funde lili pangozi, chifukwa mphepo imalitembenuza n'kuligoneka cham'mbali. Koma funsani msodzi aliyense wa ku Likoma kapena ku Monkey Bay zimene amachita mafunde akakula, akuuzani kuti amachepetsa moto. Boti lothamangitsidwa pamafunde limamenya madzi ndi chifuwa mpaka matabwa kulekana, ndipo boti lomira matako ndi injini yolemera ndi limene funde lochokera kumbuyo limalowamo mosagogoda. Chimene chimapulumutsa anthu pamwera ndi mphamvu yokwanira bwino, petulo wotsala m'thanki, ndi injini imene imalira ukangokoka chingwe. Fote imene yamwa mafuta onse pothamangitsana ndi boti la mnansi popita imasanduka mtolo wa makilogalamu 70 pobwerera, ndipo pamenepo anthu amakumbukira kuti nkhafi anazisiya kudoko poopa kuoneka osauka.

Ena amati usipa masiku ano uli kutali, ndipo wofika kudoko m'mamawa ndiye amapeza mtengo wabwino amalonda asanakhute. Apa m'pofunika chilungamo. Boti lalikulu la chilimira, lonyamula anthu khumi ndi khoka lonyowa, likukokanso mabwato a siginala ndi nyali zake, likhoza kufunadi 25 ngakhale 40, ndipo mwini wake akagula yotero sanalakwe. Chimodzimodzi timaboti topepuka ta fayibagalasi tonyamula alendo ku Cape Maclear. Ito tinapangidwa kuti tidzuke n'kutsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo kuti tidzuke timafuna mphamvu, pafupifupi kavalo mmodzi pa makilogalamu 11 mpaka 18 a boti ndi katundu yense. Timaboti totero nthawi zambiri timabwera ndi kachitsulo kolembedwa ndi fakitale, konena mphamvu imene simuyenera kupitirira. Koma onani kuti m'zitsanzo zonsezi nambala ikuchokera ku boti, kutalika kwake, kulemera kwake, kapangidwe ka pansi pake ndi ntchito yake. Boti la matabwa lilibe kachitsulo ka fakitale. Kachitsulo kake ndi madala aja amene analikhoma pansi pa mtengo, ndipo iwo akanena kuti "ili n'la fifitini, bwana," bwana amaseka n'kunena kuti madala saona patali.

Mfundo yochenjera kuposa zonse ndi yakuti injini yaikulu yoyenda pamoto wapakati imakhalitsa kuposa yaing'ono imene imakuwa usiku wonse. Makaniko aliyense angavomere, ndipo n'chifukwa chake n'kwanzeru kusankha injini imene imayendetsa boti lodzaza bwinobwino isanafike kumapeto kwa mphamvu yake, kuti patsale kena kosungira tsiku loipa. Zimenezi zikhoza kukukwezani sitepe imodzi, kuchoka pa 15 kufika pa 25. Sizikufikitsani pa 60. Injini yosakaniza petulo ndi oyilo ikamangoyenda monyang'ama tsiku lonse imadetsa mapulagi ndi mwaye, imatsokomola, imazima pakati pa madzi. Ndiponso mfundoyi ikuganizira munthu amene sanabadwe. Ndani anagula fote kuti aziyenda pamoto wapakati? Mnyamata wa zaka makumi awiri atagwira chiwongolero, boti likudutsa padoko pamene atsikana akutsuka mbale ndipo amayi akuyanika usipa pathandala, dzanja limapotokola lokha.

Kuti pasakhale kukondera, m'tauni mulinso m'bale wake wa bwanayu, uja amawerenga machesi m'bokosi. Iye amagula kainjini ka akavalo 5 kogwirapo kale ntchito, n'kukapachika kuboti lonyamula matumba a chimanga, njinga, mbuzi ziwiri ndi anthu opita kumaliro, kenaka n'kumadzitama kuti iye sawononga ndalama. Akatsutsidwa akhoza kukukumbutsani kuti injini imene Ole Evinrude anayamba kugulitsa ku Milwaukee cha mu 1909 inali ya kavalo mmodzi ndi theka, osatchula kuti inkakankha kaboti kopalasa ka anthu ochepa opita kokasangalala. Kainjini kake kamakuwa mpaka kutentha, kamamwa mafuta ambiri pa ulendo chifukwa ulendowo sutha, ndipo mphepo ikabwera kutsogolo anthu a pamtunda amalephera kudziwa ngati botilo likupita kapena likubwera. Awiriwa amanyozana akakumana pa bawo, koma matenda awo ndi amodzi. Wina akufuna kuti anthu azinena kuti ndi wolemera, winayo kuti ndi wochenjera, ndipo onse awiri anasankha injini akudziyang'ana pagalasi.

Umboni wake ndi mafunso amene safunsidwa m'sitolo chifukwa sapatsa munthu ulemu. Mwendo wa injini ulipo waufupi, wa masentimita pafupifupi 38, ndi wautali, wa 51, ndipo uyenera kugwirizana ndi msinkhu wa thabwa la kumbuyo. Ukafupika, pulopela imatuluka m'madzi pafunde lililonse n'kumazungulira mumpweya, injini n'kumasowa madzi oiziziritsa. Ukatalika, umakoka boti ndipo umapala mchenga pofika kudoko. Pulopela nayo ili ndi mitundu, ina yothamanga ndi boti lopepuka, ina yokankha katundu, ndipo fifitini yokhala ndi pulopela yoyenera imatha kuchititsa manyazi injini yoiposa imene yavekedwa yolakwika. Palinso funso lakuti makaniko wa padoko lanu amaidziwa injini ya mtundu umenewo, ndiponso kuti kalabala kopopa madzi kakatha mukapeza ku Salima kapena mudikira wina wochokera ku Dar es Salaam. Palibe amene anaimirirapo pa bala n'kulengeza kuti mwendo wa injini yake ndi wa masentimita 51, ndiye palibenso amene amanyamula tepi popita kukagula.

Mapeto a fote zambiri zotere amaoneka pa Facebook pakatha nyengo imodzi ya mwera. Chithunzi chimakhala cha injini yopukutidwa bwino, itatsamira khoma la nyumba ya ku Area 47, makilomita oposa 100 kuchokera pamene pali funde. Pansi pake pamalembedwa kuti yagwira ntchito miyezi yochepa, ili ngati yatsopano, mtengo tikambirana. Wina akafunsa kuti nanga mukuigulitsiranji, yankho limabwera msangamsanga: "Tikufuna kugula yaikulu."