Pakamwa panga ndi chigoli cha Hakimi

Ku Entre Lagos kuno munthu sasowa timu yochemerera. Tili pakati pa nyanja ziwiri, Chilwa uku Chiuta uku, ndipo ukangotsata njanji pang'ono wafika pa Nayuchi, ku Malawi. M'thumba timasunga metikali ndi kwacha, mumtima namonso chimodzimodzi. Mambas ikamachita bwino ndife a Mozambique enieni. Ikagwa, aliyense amakumbukira kuti agogo ake aakazi anabadwira ku Machinga.

Mu Januwale 2022 agogo oterewa anachuluka. Ku mpikisano wa chikho cha Africa ku Cameroon Mambas kunalibe, koma Flames inaliko, ndipo koyamba m'mbiri yake inali italowa m'ndime ya matimu 16. Inagonja 1-0 kwa Guinea, inaswa Zimbabwe 2-1, n'kulepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané. Pa 25 Januwale inakumana ndi Morocco ku Yaoundé. Dzulo lake namondwe wa Ana anali atagwetsa chimvula, ku Malawi magetsi atathima, moti alamu anga a ku Nayuchi anabwera ndi matope mpaka m'maondo, ati kudzaona mlongo wawo. Mlongoyo anangomupatsa moni ataimirira, ife ulendo wa kokaonera mpira.

Muyenera kudziwa kuti ine mpira ndimaudziwa. Kusukulu ndinali goloboyi. Anzanga amati anandiika pagolo chifukwa kwina konse ndinkasokoneza, koma imeneyo ndi nsanje chabe. Choncho ndikakhala pabenchi lakutsogolo, pafupi ndi kanema, sindipita kukangoonera ayi. Ndimapita kukathandiza.

Usiku umenewo m'chipinda choonetsera mpira munadzaza. Jenereta ikulira kuseri, malata akudontha pakona, fungo la matemba likuchokera pa jekete la mkulu wina amene amagulitsa nsomba pafupi ndi siteshoni. Pakhomo mwini malo amalandira ndalama ya mbali iliyonse, bola isakhale yonyowa.

Mphindi ya 7, Gabadinho Mhango anapeza mpira kutali, kufupi ndi pakati pa bwalo kusiyana ndi kugolo. Ndinaona mwendo wake ukubwerera m'mbuyo ndipo ndinadzuka.

"Patsira mnzako iwe! Kumenya pamenepo? Misala!"

Anamenya. Mpira unakwera, unamudutsa pamutu Yassine Bounou, n'kukagwera muukonde. Benchi lathu linagwa chagada ndi anthu ake omwe. Phokoso litachepa, alamu anga anandigwira paphewa.

"Alamu, paja mumati atani?"

"Ndimati apatsire ukonde," ndinatero. "Inu simunamve bwino chifukwa cha jenereta."

Kuchokera pamenepo mpira unasamukira kugolo kwathu ndipo unamanga nyumba komweko. Kochi Mario Marinica anali atalonjeza mpira wothamanga kwambiri, ndipo kunena zoona unathamangadi, kungoti amene amathamanga nawo anali a Morocco. Charles Thomu pagolo anagwira ntchito ya anthu asanu: uwu wautchinga ndi manja, uwu waukankhira kunja, wadzuka, wagwanso. Apa m'chipindamo munabuka mtsutso umene mpaka lero sunathe. Mnyamata wina wa kabaza amati goloboyi ameneyu ndi wopita ku Ulaya mawa lomwe. Mkulu wa matemba uja anapukusa mutu.

"Mwana wanga, goloboyi akamatchuka chonchi ndiye kuti anzake kumbuyoko akugona. Goloboyi wabwino timamuona akuyasamula."

"Nanga akutsogolo, madala?"

"Akutsogolo ati? Ine ndikuona mmodzi, nayenso akuonera ngati ife. Kusiyana kwake iye sanalipire pakhomo."

Wina kumbuyo anati vuto ndi apakati, sakusunga mpira. Wina anati vuto ndi oyimbira. Wina, amene ndikukhulupirira kuti anangolowa kudzabisala mvula, anati kochi alowetse Dominguez. Tinachita kumukumbutsa kuti ameneyo ndi wa Mambas, ndipo nthawi imeneyo ayenera kuti nayenso akuonera pa kanema.

Ine ndinadikira kuti onse atope, pakuti katswiri amalankhula pomaliza. Mphindi 45 zitakwana ndinatsokomola.

"Tamverani, abale. Ine pagolo ndakhalapo. Mnyamata ameneyu lero palibe womugoletsa. Lembani penapake."

Asanapeze cholembera, mpira unachokera kumbali, Youssef En-Nesyri anadumpha n'kuumenya ndi mutu. 1-1. Palibe amene anayang'ana kanema. Onse anayang'ana ine.

Nthawi yopuma inasanduka bwalo la milandu. Mkulu wa matemba ndiye anali woweruza, ndipo umboni unali poyera: ndikati asamenye, chigoli chathu, ndikati sagoletsedwa, chigoli chawo. Alamu anga, munthu amene madzulo omwewo anadya nsima ya m'nyumba mwanga ndi mlamba wonona, anaonjeza kuti ngakhale kumunda ndikati mvula ibwera anthu amayanika ufa. Chigamulo chinali chakuti chigawo chachiwiri ndisatonthole ayi, popeza pakamwa potere ndi chuma. Ndizitamanda Morocco basi.

Ndinavomera chifukwa chokonda dziko la agogo anga. Ndinatamanda kuthamanga kwawo, ndinatamanda kupatsirana kwawo, ndinatamanda ngakhale ndevu zawo. Ndipo zimayenda! Akamenya, kunja. Akamenya, Thomu. Wa kabaza uja anandigulira mtedza, anthu akundisisita pamsana. Sindinalemekezedwepo chotero chikwatirireni.

Mphindi ya 70 oyimbira anapereka firikiki kwa Morocco, patali ndithu ndi golo. Achraf Hakimi, wa ku Paris Saint-Germain, anaika mpira pansi n'kubwerera m'mbuyo. Chipinda chonse chinatembenukira kwa ine.

"Alamu, nthawi yake ndi ino. Nenani!"

Ndinaimirira, ndinakweza dzanja, ndinalankhula momveka kuti ndi akunja omwe amve: "Ichi ndi chigoli!"

Chinalidi chigoli. Mpira unakalowa pakona yam'mwamba, pamene ngakhale ine m'masiku anga sindikanafikapo. 2-1, ndipo zinathera pomwepo.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna kuti tsiku lina ndidzanene za mpira n'kuchitikadi pamaso pa anthu. Tsikulo linafika, koma wondiyamikira panalibe. Mtedza uja anandilanda. Pobwerera kunyumba alamu anga amayenda patsogolo ndi tochi, ine m'mbuyo ndikuponda m'zithaphwi, ndipo nditawauza kuti Morocco imeneyi ndi timu wamba, tangochita tsoka, anangoti "Mwayambanso." Chaka chomwecho ku Qatar, Bounou, Hakimi ndi En-Nesyri yemweyo anatulutsa Spain ndi Portugal, n'kufika ndime ya matimu anayi pa chikho cha dziko lonse.

Masiku ano mwini malo amandilola kulowa ulere, koma pali lamulo: ndikhale pakhomo, ndipo ndikafuna kunena kanthu ndiyambe ndatuluka. Ena aona kuti luso lotere lisamangotayika. Mkulu wa matemba wanditumizira kale kambale kodzaza, ati Loweruka timu ya kwawo ikusewera ndi ya apongozi ake, ndiye ndikaime kumbali kwa bwalo ndiziitamanda ya apongoziyo. Mayi a kunyumba akuti matembawo tidye msanga, asanabwere kudzawaitanitsa.