Akuwayesa pa chidole

Magetsi atathima pachigayo cha pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, m'boma la Ntcheu, amayi anangokhala pamatumba awo a chimanga kudikira. Kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu, anthu ena anali atagwada mozungulira chidole chachikulu, wina ali chiimire ndi pepala m'manja.

"Kodi uko akupemphera?" anafunsa agogo ena.

"Ayi agogo, ndi odzipereka aja, amene amathamangira pangozi. Abwera aphunzitsi awo kudzaona ngati akukumbukirabe."

Amene anayankhawo ndi mayi amene amuna awo anali m'gulu lomwelo, ndipo zinthuzo ankazidziwa bwino chifukwa bambowo usiku wathawo ankaloweza mokweza. Anati munthu akasiya kupuma umapsinja pachifuwa ka 30 n'kumupumira mkamwa kawiri. Wokomoka koma akupuma umamugoneka chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Bala lotuluka magazi umalipsinja ndi nsalu yoyera osasiya, osati kuthirapo dothi. Wolumidwa ndi njoka sumutema, suyamwa balalo, sumanga mwendo ndi chingwe. Umamukhazika chete n'kumunyamula kupita naye kuchipatala.

Mnyamata wa kabaza amene anaimika njinga yake pamthunzi anapukusa mutu. "Mayi, zonsezo n'zabwino, koma chidole sichikuwa, sichikha magazi, ndipo chilibe abale. Pangozi yeniyeni pamakhala namtindi wa anthu, wina akuti tim'mwetse madzi, wina akum'koka miyendo, wina akujambula pafoni. Ameneyo wa pepalayo ayesa bwanji zimenezo?"

"Musawaderere achimwene," analowerera mayi wina wobereka mwana. Anafotokoza za mdzukulu wa oyandikana nawo amene anatayikiridwa phala lamoto pamkono. Anthu anali atathamangira kale kukatenga dzira ndi mankhwala otsukira mano kuti apake. Wodzipereka wa m'mudzimo atafika anakaniza zonsezo, n'kuyamba kuthira madzi ozizira pamkonopo kwa mphindi 20, agogo ake a mwanayo akumukalipira kuti akuchedwetsa. Anati mwanayo anachira bwinobwino. Apa ngakhale wa kabaza uja anavomereza kuti kulimbana ndi agogo pamaso pa mudzi wonse kumafuna mtima, ndipo mtimawo papepala sulembeka.

Kenako ananena chimene chinkamuwawa. Mnzake anagundidwa ndi galimoto usiku, wodzipereka anabweradi mwachangu, koma atatsegula chikwama munalibe magolovesi kapena bandeji. Zinatha kalekale ndipo palibe anabweretsa zina. Wodziperekayo anavala majumbo m'manja n'kung'amba chitenje cha mkazi wake. Foni yake inalibe mayunitsi. Njinga ya ambulansi ya m'mudzimo inali kumbuyo kwa nyumba ya amfumu, tayala limodzi palibe. "Ndiye lero am'patsa mamalikisi onse," anatero, "chikwamacho osachitsegula."

Ine ndikugwirizana naye mnyamatayu, ngakhale kuti mayeso a pachidole sindikuwanyoza. Luso la manja likakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito limaiwalika, ndipo amene akupsinja pachifuwa molakwika ayenera kuwongoleredwa pachidole, osati pa mwana wa munthu. Koma woyesa akangoona manja a wodzipereka n'kukwera galimoto, waona gawo laling'ono la nkhani. Anayenera kufunsa kuti chaka chathachi munthuyu anaitanidwa kangati, anatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike, ndipo wovulalayo anakafika kuchipatala pa chiyani. Anayenera kulowa m'mudzi n'kufunsa mwana wa sukulu kapena mayi wa pamjigo kuti, "Munthu akagwa mumtengo mukadzutsa ndani?" Ngati sakudziwa dzina, ndiye kuti maphunziro aja atsekeredwa m'nyumba ya munthu mmodzi.

Taona kale kuti amene amafika poyamba ndi ndani. M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, amene anayamba kufukula anthu ndi anansi awo, ndi makasu ndi manja, misewu ndi milatho itaduka. Kolera imene inayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 inaonetsanso zomwezo: wodwala amene anamwetsedwa Thanzi ORS ali kumudzi ankafika kuchipatala ali ndi mphamvu kusiyana ndi amene ananyamulidwa osalawa kanthu. Anthu odzipereka, kaya anaphunzitsidwa ndi a Red Cross, kaya ali m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, salandira malipiro. Amasiya khasu m'munda nthawi yopalira. Kuwayesa n'koyenera, koma amene anawatuma ayesedwenso tsiku lomwelo.

Agogo aja, amene nthawi yonseyi ankangomvetsera, anafunsa za khunyu. Mwana wa mlongo wawo akagwa anthu amathawa, akuti malovu ake amapatsira. Mkazi wa wodzipereka uja anawauza kuti khunyu sipatsirana, ndipo osamuika supuni mkamwa. Umangochotsa moto ndi miyala pafupi, n'kumuikira nsalu kumutu. Anawonjezera kuti alangizi a zaumoyo akakhala kutali pali nambala ya Chipatala cha pa Foni, 54747, imene munthu amaimba n'kulandira uphungu. Agogowo anapempha kuti wina awalembere nambalayo pakapepala, ndipo amayi ena awiri anatulutsa mafoni. Pachigayo chodzaza anthu, ambiri anali asanaimvepo.

Inu amfumu ndi a komiti ya chitukuko, oyesa akadzabweranso musawalole achoke asanatsegule chikwama ndi kuona njinga ya ambulansi, ndipo chimene chikusowa chilembedwe papepala lomwelo la mamalikisi. Pamsonkhano wotsatira wa mudzi, aimikeni odziperekawo pamaso pa anthu, mutchule mayina awo ndi kumene amakhala, kuti ngozi ikagwa usiku aliyense adziwe khomo loti agogode.